Wodza ndi “Tiye” Musamupirikitse

Makolo anzanga, pali mwana amene tonsefe timamutama. Akaweruka kusukulu amalunjika kunyumba, Loweruka amatandala pakhomo, sabweza mawu, ndipo ukamufunsa chimene mtima wake ukufuna amangoti, “Zimene mwanenazo.” Tikakumana kutchalitchi, kumzikiti kapena pamaliro timamunyadira pamaso pa anzathu kuti, “Wangayo ndiye satuluka.” Ndiye palinso mwana wina amene timamuyang'ana mokayikira. Amabwera osapangana, kuseka kwake kumamveka mwiniwake asanatulukire, ndipo akangomaliza kupereka moni chotsatira chake ndi, “Aise, tiye!” Ameneyu timamutcha wosokoneza, woyendayenda, wosakhazikika. Lero ndikufuna ndimuikire kumbuyo, chifukwa ambiri mwa ana athu ofatsawa akusowa chinthu chimene ife makolo, ngakhale titawakonda chotani, sitingathe kuwapatsa, pamene mnzawo wotereyu amawapatsa asakudziwa n'komwe kuti akuphunzitsa munthu.

Mantha athu ndi omveka, ndipo sindikuwapeputsa. Mwana wa kuno kwathu amakula atasenza mayeso a MANEB: a Sitandade 8, a JCE ku Fomu 2, kenako a MSCE ku Fomu 4. Malo m'sekondale zogonera konko ndi ochepa, m'mayunivesite aboma ndiye osanena. Kholo limene lagulitsa soya, chimanga kapena mbuzi kuti lilipire fizi silingasekerere mwana akutaya nthawi. N'chifukwa chake timawonjezera maphunziro apadera masana, Loweruka, ngakhale patchuthi pomwe. Kunja nakonso sikuli bwino: kuli chamba, kachasu ndi timabotolo ta mowa wotchipa, juga ya mpira ya pafoni, komanso azibambo onyengerera atsikana ndi ndalama. Sitinaiwale mmene atsikana ambiri anatengera mimba ndi kulowa m'mabanja sukulu zitatsekedwa chifukwa cha Covid-19 mu 2020. Choncho tinamanga mipanda, ina ya njerwa, ina ya malamulo. Vuto ndi lakuti mpanda susankha. Umatsekereza fisi, umatsekerezanso mlendo uja amati amadza ndi kalumo kakuthwa.

Tisadzinamizenso kuti mwana akakhala m'nyumba ndiye kuti ali pabwino. Ambiri thupi lili pampando koma maso ali pafoni, kuonerera anzawo pa TikTok ndi Facebook akuvina, akuyenda, akuchita malonda. Dzuwa limalowa ataona zambiri koma manja asanagwire kanthu. Kalembera wa 2018 anapeza kuti pafupifupi theka la anthu m'dziko muno ndi osakwana zaka 18. Ngati theka la mtundu likukula likungoonerera moyo wa eni ake, ndani adzalimbe mtima n'kuyamba chinthu chimene sichinaonekepo m'mudzi mwake?

Ife akale tikumbukire kumene tinatenga kulimba mtima kwathu. Pamphasa ya malangizo tinakhalapo ndithu, koma zambiri tinazitola kudambo koweta ng'ombe, kosaka mbewa tikatha kukolola, kumasanje, pa mpira wachikulunga, pa phada ndi fulaye, ndiponso pabwalo mwezi ukawala. Anyamata ankagona kumphala, atsikana kukuka kwa agogo, ndipo m'gulu lililonse munkakhala mmodzi woyambitsa zinthu. Ndi iyeyo ankati lero tikaone kumene mtsinje uno umachokera, kapena tipange galimoto ya mawaya yachiwongolero chokhotetsadi mateyala. Akuluakulu ankamukalipira, mwina kumukwapula kumene, koma kumuchotsa pakati pa anzake ayi. Ankadziwa kuti kali kokha n'kanyama, ali awiri ndi anthu.

Nkhani ya William Kamkwamba ambiri timaidziwa, koma timaisimba ngati mnyamatayo anali yekha. William anabadwa mu 1987 ndipo anakulira m'mudzi wa Masitala, ku Wimbe, m'boma la Kasungu. Njala ya 2001 mpaka 2002 itafika povuta, bambo ake, a Trywell, analephera kumulipirira fizi pa sekondale ya Kachokolo, mnyamatayo n'kukhala pakhomo. M'kalaibulale ka pa sukulu ya pulaimale ya Wimbe anapezamo buku lotchedwa Using Energy, lokhala ndi chithunzi cha makina opanga magetsi ndi mphepo pachikuto. Chingelezi chinkamuvuta, ndiye ankatsata zithunzi. Anayamba kutolera zitsulo zotayidwa pa esiteti yakale, kuphatikizapo fani ya thirakitala, ndipo mapaipi apulasitiki ankawawamba pamoto n'kuwawongola kuti akhale mapiko. Anthu ankamuseka kuti wapenga, ena n'kumati akusuta chamba.

Koma pambali pake panali anyamata awiri. Wina anali Geoffrey, mbale wake, amene ankakonza naye mawailesi kuyambira ali ana. Winayo anali Gilbert, mwana wa mfumu ya ku Wimbe. Monga William mwini wake anasimbira m'buku la The Boy Who Harnessed the Wind, limene analemba ndi Bryan Mealer n'kutuluka mu 2009, ntchito inaima chifukwa chosowa kanthu kamodzi: dayinamo, kachipangizo koyatsa nyali ya njinga kaja. Ndalama yogulira analibe. Tsiku lina akuyenda ndi Gilbert anakumana ndi munthu wa njinga yokhala ndi dayinamo. William akanangoiyang'ana n'kumeza malovu. Gilbert sanati tikagonepo kaye. Anamuimitsa munthuyo, anafunsa mtengo, anapisa m'thumba n'kutulutsa ndalama imene bambo ake anamupatsa, malonda n'kuthera pamsewu pomwepo. Paja amati patsepatse n'kulanda, mwana wa mfulu apatsa yekha. Ndi anyamata awiri omwewa amene anathandiza kudula mitengo ya bulugamu, kuimika nsanja ndi kukweza makinawo pamwamba mpaka babu kuyaka. Zotsatira zake mukuzidziwa: nyuzipepala mu 2006, msonkhano wa TED ku Arusha mu 2007, digiri ya ku Dartmouth College mu 2014, ndi kanema wa Chiwetel Ejiofor mu 2019.

Nzeru zinali za William, palibe angatsutse. Koma pakanapanda mnzake wosachedwa kuchita zinthu, nzeruzo zikanapitiriza kugona m'chipinda limodzi ndi zitsulo zadzimbiri. Kholo lowerengera bwino likanati Gilbert wataya ndalama pogula chinthu chosadyedwa anthu akungochoka kumene m'njala, ndipo likanakhala ndi mfundo. Komabe wa njinga uja akanadutsa, osabwereranso. Fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo.

Apa ndi pamene pagona phunziro lalikulu. Mwana wofatsa kwambiri amadikira kuti zonse zikhale m'malo mwake: ndalama zikwane, chilolezo chiperekedwe, mantha athe, anthu asamuseke. Tsiku limenelo silifika. Ndionetsetse anathetsa nkhosa. Mnzake wachangu amamuonetsa ndi maso kuti zinthu zambiri zimayambidwa zisanakwanire, ndipo njira imaoneka munthu atanyamuka kale.

Taganizirani mtsikana wa Fomu 3 amene amaimba bwino, koma pokhapokha akamatsuka mbale kuseri kwa nyumba. Mayi ake anamumvapo, koma mtima wawo uli pa mapointi. Lachitatu lina masana mnzake wa m'kalasi abwera kudzabwereka buku, amva mawu aja, aima chilili.

“Iwe, mawu onsewa ukuimbira mapoto? Samba m'manja, tiye kukwaya.”

“Ine ayi, anthu akandiseka.”

“Akatiseka tonse awiri. Amayi, ndabwereka mwana wanuyu, tibwera dzuwa lisanalowe.”

Afika kutchalitchi, mnzakeyo samupatsa mpata wobisala kumbuyo. Amukoka dzanja mpaka kutsogolo n'kuuza wotsogolera kwaya kuti, “Achimwene, ndakubweretserani munthu.” Mawu oyamba atuluka monjenjemera, achiwiri alimbako. Pobwerera akungoseka za pamene anaphonya nyimbo. Kwa ife palibe chachikulu chachitika. Koma mtsikanayo wadziwa kuti munthu amatha kuimirira pamaso pa anthu, mtima ukugunda, miyendo ikunjenjemera, osafa. Tsiku lodzayankha mafunso pofuna ntchito, kapena lodzakana mwamuna womukakamiza, mawu adzatuluke ndi omwewo. Akuluakulu sananame kuti mbewa ya manyazi inafera kuuna.

Nanga bwanji mayi ake sakanatha kuchita zomwezi? Chifukwa mawu a kholo, ngakhale atanenedwa mokoma, kwa mwana amamveka ngati lamulo. Mayi akati pita ukaimbe, kuimbako kwasanduka ntchito ina yoti akalephera akayankhe mlandu. Mnzake satuma, amapita naye. Akasekedwa amasekedwa limodzi, akasochera amasochera limodzi. Liwiro la mumchenga n'kuyambira limodzi, ndipo ife ndi ana athu sitinayambire limodzi.

Mnzake wotereyu amatsegulanso maso a mwana kuti aone dziko limene lili pakhomo pake penipeni. Ana ambiri a ku Lilongwe amaloweza za nyanja ya Malawi m'kalasi koma sanapondepo mchenga wa ku Senga Bay ku Salima. Wa ku Dedza akhoza kumaliza sukulu asanaone zojambula zamakedzana za m'mapanga a Chongoni, zimene bungwe la UNESCO linaziika m'gulu la chuma cha dziko lonse mu 2006. Wa ku Zomba amaliona phiri m'mawa uliwonse osakwerako kukaona damu la Mulunguzi, kumene kumachokera madzi a pampopi wa kwawo. Wa ku Mulanje amadziwa kuti Sapitwa ndi mamita 3,002 chifukwa zimabwera pamayeso, koma ngakhale pa Dziwe la Nkhalamba ku Likhubula sanafikepo. Ndalama imasowa ndithu, koma kawirikawiri chosowa chenicheni ndi munthu woti anene kuti ulendowo ndi wa lero.

Musaganize kuti zoyambitsa za mnzakeyo zimatheka zonse. Mandasi oti akagulitse pa mpira apserera. Njinga iphulika teyala pakati pa ulendo, abwerera wapansi akukankha, njala ili m'mimba. Timu imene anaikhazikitsa dzulo igonja mochititsa manyazi. Izinso n'zofunika. Mwana amene sanagwepo amaona kugwa ngati imfa, ndipo n'chifukwa chake ena akalephera MSCE amaona ngati moyo wathera pomwepo. Amene anapsererapo mandasi n'kukazinganso mawa lake amadziwa m'mafupa mwake kuti dzedzeredzedzere salingana n'kugweratu. Kuli bwino aphunzire zimenezi ali ndi zaka 15, chotayika chili ufa ndi mafuta, kusiyana n'kudzaziphunzira atakula, chotayika chili banja kapena mpamba wangongole.

Tsono wina ati, “Agogo, ndiye mukutiuza kuti aliyense wobwera kudzatenga mwana tizingomulola?” Ayi ndithu. Ukayenda ndi mbala nawenso umasanduka mbala, ndipo ana ambiri anaonongeka chifukwa cha anzawo. Chimene ndikunena n'chakuti ife timalakwitsa poyesera. Timayesera phokoso, kavalidwe ndi kametedwe ka tsitsi, pamene mnzake woononga nthawi zambiri saoneka n'komwe pakhomo. Amaima patali n'kuimba likhweru, kapena amatumiza uthenga pafoni inu mutagona. Wabwino uja amalowa, amapereka moni, amanena kumene akupita ndi nthawi yobwerera, ndipo mukapita kumeneko muwapezadi.

Onaninso ngati amamva mawu akuti ayi. Mwana wanu akati lero sinditha, ndikuwerenga, kapena zimenezo ine sindichita, mnzake weniweni amadandaula pang'ono n'kuzisiya, mawa abweranso. Woononga amanyoza kuti ndiwe wamantha, ndiwe mwana wa amayi, mpaka mnzakeyo agonje. Ndiye yang'anani chimene mwana wanu amabwera nacho. Wochokera koyenera amabwera ndi nkhani, amalankhula mpaka nsima kuzizira, mawondo atanyuka koma maso akuwala. Wochokera koipa amabwera ndi chinsinsi, amazemba maso anu, amalowa kuchipinda osadya, ndipo ndalama m'nyumba zimayamba kusowa. Munthu wamkulu msinkhu amene akukonda mwana wanu mwadzidzidzi, n'kumamugulira mayunitsi, zovala kapena foni, ameneyo si amene ndikunena pano. Ameneyo mupirikitseni lero lomwe. Koma zina zonsezi sizioneka tsiku limodzi. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Ndiye chochita chathu n'chiyani? Muitaneni mnzakeyo alowe, akhale pamkeka, adye nanu. Dziwani dzina lake, makolo ake ndi kumene amakhala. Mwana wa mnzako ngwako yemwe, ukachenjera manja udya naye. Mwana amene wadya nsima yanu amachita manyazi kuononga wanu, ndipo nanunso mumapeza mpata womuwongola. Gwirizanani za nthawi: ntchito zapakhomo ndi za kusukulu zithe, dzuwa likamalowa akhale atafika. Akabwera afunseni mwachidwi chofuna kumva, osati ngati apolisi. Mukamakalipa nthawi zonse, ulendo sudzatha, chidzathe ndi kukuuzani.

Nthawi zina pamafunika kupereka kanthu kathu. A Trywell Kamkwamba anali ndi njinga yowonongeka imene ankayembekeza kudzaikonza. Mwana wawo ataipempha kuti aigwiritse ntchito pa makina ake, poyamba anakana, koma atamvetsera anamulola. Sankadziwa ngati zitheka. Makolo athu anati mwana akalirira nyanga ya nsatsi, msemere, imufotere yekha m'manja. Ikafota waphunzira, ikapanda kufota mwapindula nonse. Koma mvetsani bwino, mwambiwu ukunena nsatsi, chinthu chofota osavulaza munthu. Kuwoloka mtsinje wodzaza, kusambira m'madzi a ng'ona, kudendekera kumbuyo kwa lole, kukwera atatuatatu pa njinga yamoto, mowa, ndi kuyenda usiku, pamenepo yankho ndi ayi, ndipo musachite manyazi kulibwereza.

Pali chinanso chofunika tichiunike. M'makomo ambiri mnyamata amatuluka m'mawa n'kubwera madzulo osafunsidwa, pamene mlongo wake akachoka pa mtondo ali pachitsime, akachoka pachitsime ali pamoto. Timati tikumuteteza. Koma mtsikana amene sanayendepo ndi anzake masana, amene sanasankhepo kanthu payekha, ndi amene amatengeka msanga ndi mwamuna woyamba kumulonjeza dziko. Mulekeni apite ku netibolo, kukwaya, ku kalabu ya zisudzo kapena ya zachilengedwe kusukulu, ndipo ntchito zapakhomo zigawidwe kuti nayenso apeze nthawi.

Tsopano nditembenukire kwa inu zidzukulu zanga. Iwe wofatsa, wokonda mabuku, usamusiye mnzako wachanguyo chifukwa chakuti m'kalasi umamuposa. Ali ndi maphunziro amene suwapeza m'buku. Akakuitanira chinthu chabwino chimene ukungochiopa, nyamuka, mantha akathera konko. Akakuitanira choipa, kana mokweza, ndipo ngati ndi mnzako weniweni ubwenzi sutha. Dziwanso kuti iyeyo akukufuna monga mmene iwe ukumufunira. Wachangu akakhala yekha amayamba zinthu khumi osamaliza ngakhale chimodzi. Ndiwe woti umukumbutse kuti mayeso ayandikira, kuti ndalama ya mandasi isadyedwe yonse, kuti mitambo yada tibwerere.

Ndipo iwe wachangu, mphatso yako ndi yaikulu, koma ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada. Ukatenga mwana wa eni ake, wasenza udindo. Nena zoona za kumene mukupita, sunga nthawi imene walonjeza, ndipo usamuseke mnzako akachita mantha. Changu chako chikhale chonga cha Gilbert, chothandiza mnzako kumaliza chimene mtima wake unkafuna kale, osati chomukokera ku zofuna zako zokha.

Sukulu ndi yofunika, ndipo palibe mawu anga amene akuichepsa. Ana awerenge, alimbikire, akhoze. Koma tikumbukire kuti tikulera anthu oti adzayambitse minda, mabizinesi ndi mabanja, adzayankhule pabwalo la mfumu ndi kutsogolera anzawo pamavuto. Zimenezi zimafuna munthu amene anayesapo, anagwapo, anasekedwapo n'kudzukanso ali ndi mnzake pambali. Wolephera MSCE amatha kudzalembanso chaka chamawa, koma zaka za unyamata ndi utsikana palibe amene anazibwerezapo. Tisawalande ana athu zaka zimenezi chifukwa cha mantha athu.